Mkanda wa Minga ya Nkhwali

Nkhani iyi anandiuza ndi amai Jennipher Daka, ogulitsa nthochi pa Kacholola, chaka chija sopo ndi mchele zinasowa m'masitolo. Lole imene inandinyamula pa Nyimba inafela pamenepo, ndipo tinaswela tikudikila chitsulo chochokela ku Lusaka. Ine matako anga sagwilizana ndi mpando. Ndayenda kuyambila ku Chama mpaka ku Livingstone, ndipo nkhani za anthu ndimatola monga ena amatolela bowa. Zambili ndi zabodza, ndipo wabodza ndimamudziwa chifukwa amakuyang'ana kumaso kuti aone ngati wameza. Amai awa sanandiyang'ane n'komwe. Munthu wina anadutsa akutsatsa nkhwali zomanga miyendo, iwo n'kutembenukila kuphili mpaka atapita. Nditafunsa, anati zimene ati andiuze anaziona ndi maso ao, ndipo zimene sanazione anazimva kwa mwini wake, mlamu wao. Anati ngati ndikukana ndikafunse mlongo wao Wilbroad, akali moyo ku Msanzala. Ndilemba monga anakambila.

Mlamu waoyo anali Eustace Mbewe, wa ku Chadiza. Anabwela ndi gulu lothila tala pa msewu waukulu, ndipo ntchito itatha anzake anabwelela kwao, iye n'kutsala chifukwa cha Doris, mng'ono wao wa amai Jennipher. Anamanga nyumba kwao kwa mkazi monga achitila mkamwini aliyense. Anali munthu wofatsa, wolima, wopemphela. Mfuti analibe. Luso lake linali misampha ya nkhwali. Anali kudziwa pamene zimasamba fumbi ndi pamene zimatsikila kukamwa madzi, ndipo kawilikawili sanali kubwelela manja lende.

Wilbroad, mlongo wa Doris, ndiye anali ndi mfuti ya gogodela, yopita nayo kuchigwa cha Luangwa. Akaona Eustace akutulukila ndi mbalame m'manja anali kufuula ali pakhonde.

"Fundi wafika, mlenje wamkulu, bisani nkhuku. Alamu, lelo mwagwetsa njati zingati za nthenga?"

"Njati yanu timaimva m'nkhani chabe," anali kuyankha Eustace. "Bwelani mudzadye yanga, ili ndi nsinjilo."

Ndipo Wilbroad anali kubweladi.

Tambala wa nkhwali ali ndi munga kuseli kwa mwendo, wonga wa tambala wa pakhomo, koma wakuthwa koposa. Eustace anali kusunga minga imeneyi m'kachitini ka polishi. Sanali kudziwa kuti adzachita nayo chiyani mpaka pamene mkulu wa chipani wa m'delalo anamupezela ntchito yonyamula matumba kudepoti ya chimanga ku boma la Petauke. Kumeneko kulibe thengo lotchela misampha. Anaganiza zotunga mingayo ikhale mkanda wa m'khosi, kuti akamatuluka thukuta pansi pa matumba azikumbukila kuti nayenso anali mlenje.

Chaka chapitacho Doris anabala mwana wakufa. Mwana wotele amamutcha nthayo, ndipo salilidwa malilo. Amai okhaokha ndiwo amakamuika, kusanache, m'kadzenje kosazama, pakuti amati ukakumba mozama watseka mimba ya mai wake. Amuna sapita, ndipo sauzidwa malo. Eustace anakhala pansi pa mtengo wa mango m'mawa umenewo, akuona amai akubwelela manja okhaokha. Anafunsa amai Jennipher motsitsa mau kuti mwanayo amugoneka kuti.

"Zimenezo amuna safunsa, alamu."

Sanafunsenso. Ndipo tsopano Doris anali ndi pakati pena, patatsala pang'ono, ndipo m'nyumbamo munalibe chinthu china chimene awiliwo anali kuchiganizila koposa chakuti uyu abwele wamoyo.

Mkandawo anaugwilila ntchito madzulo aliwonse akaweluka kumunda. Minga anayamba waiika pafupi ndi una wa nyelele kuti zidye timinofu totsalila. Itauma anaipala ndi chidutswa cha botolo mpaka itasalala. Kenaka anali kuika sipoko ya njinga pamoto, ikafiila n'kuboola nayo kutsinde kwa munga uliwonse. Utsi wake unali kununkha ngati tsitsi lopselela, mwakuti Doris anali kumuthamangitsila kuseli kwa nkhokwe. Akaboola anali kupaka mafuta a nsatsi, n'kutunga pa ulusi wosolola m'tayala lakutha, pakati pake akuika timikanda tofiila togula kwa mmwenye. Mkanda unakongola. Koma pakati penipeni, pofika pachifuwa, panafunika minga ikuluikulu, ndipo m'chitini munalibe.

Iye anali kudziwa kumene ili. Kumunsi kwa dambo kunali kamsitu ka mitengo ya katope, kozungulidwa ndi bango, kumene moto wa lupsa sunali kufika. M'menemo munali kulila tambala wa nkhwali wa mau okhuthala, wachikalekale. Anamuonapo kamodzi akudutsa panjila, minga yake ngati zala. Anauza Wilbroad.

"Kukatope? Iyai alamu, kumeneko sitipha mbalame."

"Chifukwa?"

"Kaya. Ndinabadwa n'kupeza ziliko. Amama anandikwapulapo ndili mwana nditaponyako legeni. Ndi zimene ndidziwa."

Eustace anali munthu womvela. Mlendo salimbana ndi mwambo wa eni mudzi. Anagona nazo, ndipo m'mawa anadzuka ndi nzelu imene anaiona ngati yabwino. Anati sitipha. Chabwino, sadzapha.

Anatchela msampha wa chingwe chofewa, wogwila mwendo osati khosi, n'kuwaza mapila. Polowa m'kamsitumo anaona mapale a miphika ali mbwee pansi pa mitengo, ndi timilu ta dothi apa ndi apo. Anayesa kuti ndi pamene amai amakumba dongo. Kunja dzuwa la Okutobala linali kuswa mtengo, koma m'menemo munali kuzizila, ndipo dothi linali lonyowa.

M'mawa mwake anaipeza nkhwaliyo itakodwa. Nkhwali ikaona munthu imaphupha mpaka nthenga kuthothoka. Iyi inangokhala. Anaigwila, naipanikiza m'khwapa, natulutsa mpeni. Anadula munga wakumanja patsinde penipeni, kenaka wakumanzele. Magazi anayendelela m'zala zake, otentha. Mbalameyo siinalile. Inangotembenuza mutu n'kumuyang'ana ndi diso limodzi, monga achitila mwana amene wamenyedwa ndi munthu amene amamudziwa. Ataimasula siinauluke. Inayenda wapansi, ikutsimphina miyendo yonse iwili, n'kulowa m'bango.

Madzulo ake anaboola mingayo. Wakumanja unaboola bwino. Pa wakumanzele sipoko inatelela, n'kulasa pambali, mwakuti anachita kuboolanso kachiwili. Utsi wake sunanunkhe tsitsi. Unanunkha mkaka wopselela. Anatunga, namanga mfundo, napachika mkandawo pamsomali m'kati mwa nyumba, kumutu kwa mphasa.

Choyamba chinali fungo. Doris ndiye analimva, m'mawa wotsatila, akusesa.

"aMbewe, mwathila madzi m'nyumba?"

"Iyai."

"Mukununkha dothi la mvula."

Mvula inali isanagwe ngakhale dontho. Eustace anapapasa pansi. Pouma gwa. Koma fungolo analimva nayenso, fungo la kudambo, la matope ndi masamba owola.

Masana a tsiku lomwelo, dzuwa lili paliwombo, nkhwali inalila pansi pa nkhokwe yao. Aliyense adziwa kuti nkhwali imalila m'mamawa ndi madzulo, ndipo pamudzi siifika. Agalu amene anagona pamthunzi sanathamangile. Anadzuka, michila pakati pa miyendo, n'kupita kuseli kwa nyumba ya Wilbroad. Eustace anagwada n'kusuzumila pansi pa nkhokwe. Munalibe kanthu koma mankhusu.

Analowa m'nyumba kukayang'ana mkanda. Minga yonse inali youma, yonyezimila mafuta. Iwili ya pakati inali yonyowa. Anaipukuta ndi malaya, naiyanika padenga mpaka dzuwa kupendeka. Poitsitsa inali ikali yonyowa, ndipo inali yofunda ngati chinthu chimene changochoka m'thupi. Sanauze munthu.

M'mawa mwake Doris anapeza timadontho ta magazi pakhomo, mizele iwili, tochokela kunjila ya kudambo. Eustace anati mwina ndi khoswe amene mphaka anali kukoka. Doris anafotsela ndi phazi, nakhala pamphasa, dzanja lili pamimba.

"Sakusewela," anatelo.

"Ndani?"

"Uyu. Kuyambila dzana. Anali kundiponda mpaka kundidzutsa. Manje ali zii."

"Watopa ndi kutentha. Ana amagona."

"Wina uja anayambanso chomwechi."

Mau amenewo anamulowa Eustace ngati madzi ozizila. Chipatala chinali kutali, ndipo lole ya kudepoti yodzamutenga kupita kuntchito ija inali kudzabwela kumapeto kwa sabata. Anamuuza kuti adzapita nayo limodzi. Doris anangogwedeza mutu.

Mlenje akafuna kudziwa chimene chimayenda pakhomo pake amawaza phulusa. Dzuwa litalowa Eustace anasefa phulusa la pamoto, naliwaza kuzungulila nyumba yonse, losalala ngati ufa. Anatseka chitseko, nachitchinga ndi mtondo.

Kusanayele bwino, nthawi imene atambala amakhala atalila kale koma anthu asanatsegule zitseko, anamva. Tswa, tswa. Kenaka zii. Tswa, tswa. Chinthu chopepuka, chokoka miyendo, chikuzungulila chipupa. Chinafika pakhomo n'kuima. Fungo la dothi lonyowa linadzaza nyumba. Doris anali m'tulo, akupuma ndi pakamwa. Pamsomali paja mkanda unagwedezeka, minga n'kugundana. Mphepo kunalibe.

Anadikila mpaka atamva mai wina akutsokomola panja. Anachotsa mtondo.

Paphulusa panali mapazi a nkhwali, zala zitatu, ndi kadontho kofiila kumbuyo kwa phazi lililonse. Anawatsata. Anazungulila nyumba mpaka pakhomo. Pamenepo mapazi a mbalame anathela. M'malo mwake panali timanja. Tiwili, tating'ono, zala zisanu zisanu, ndi mzele wa chinthu chodzikoka pamimba. Tinaloza m'nyumba.

Anazungulilanso kufuna otuluka. Panalibe.

Anasesa phulusalo msangamsanga. Koma amai Jennipher anali ataima kale pafupi ndi nkhokwe, mtsuko uli pamutu, ndipo anali ataona. Anatula mtsuko, nalowa kukaona mng'ono wao. Anamupapasa mimba nthawi yaitali, naikapo khutu. Podzuka maso ao anagwela pamsomali. Anatuluka, namukodola Eustace kuseli kwa nyumba.

"Alamu, minga ija ya pakati."

"Ndi ya nkhwali chabe."

"Munaitenga kuti?"

"Kukatope. Koma sindinaiphe, alamu. Wilbroad anati sitipha, ine sindinaphe. Ndinaidula chabe n'kuimasula."

Amai Jennipher akuti anatsamila chipupa. Zimene anali kufuna kunena zinali zosauza mwamuna. Amai ao, ambuye ao, onse anafa osauzako amuna ao. Koma m'nyumbamo munali mng'ono wao.

"Munandifunsa funso chaka chatha, pansi pa mango."

Eustace anawayang'ana.

"Ndi kumeneko."

"Timilu tija?"

"Wanu ali pansi pa katope wopendeka. Ine ndinamugoneka ndi manja anga. Mbalame za m'menemo timazisiya chifukwa ndizo zimawasunga. Ena amati si kusunga chabe." Anatsitsa mau. "Amati mwana amene sanapondepo pansi amabweleka miyendo."

Eustace anakhala pansi pafumbi. Ananena kuti autentha mkandawo. Amai Jennipher anamugwila dzanja mwamphamvu.

"Mukatentha mwatentha zonse. Mubweze."

"Pitani nayo ndinu. Ine ndine mwamuna, kumeneko n'kosaloledwa."

"Munalowa kale. Wotenga ndiye wobweza."

Anamulangiza mwachidule. Apite yekha, kusanache, nthawi imene amai amapitila. Asaitane dzina lililonse. Akamva kanthu asayankhe. Ndipo koposa zonse asakumbe mozama. Angopalasa pamwamba, n'kuika, n'kuphimba ndi dzanja.

"Mtima udzakuuzani kuti mukwilile pansi penipeni kuti zisatulukenso. Musaumvele. Mukazamitsa, Doris sadzabalanso, ndipo uyu ali m'katiyu sadzatuluka."

Tsiku lonselo Doris sanadye. Dzuwa likulowa, matenda anayamba. Amai anasonkhana, naitana azamba a m'mudzimo, gogo Sophia, ndipo Eustace anatulutsidwa monga mwa mwambo. Amai Jennipher anamuponyela mkanda pakhomo, atauphimba ndi nsanza kuti ena asaone. Anakakhala kwa Wilbroad. Wilbroad anayesa nthabwala zake za njati, koma ataona nkhope ya mlamu wake analeka, nangomupatila fodya.

Kum'mawa kutayamba kufiilila, Eustace anadula ulusi, nasolola minga iwili ija. Yotsalayo inamwazikila pansi ndipo sanaitole. Podutsa panyumba pake anamva Doris akubuula motsitsa, ndi mau a gogo Sophia akuti, "Sakutsika. Wakana." Anathamanga.

Kudambo kunali nkhungu, chinthu chosaoneka mwezi umenewo. Bango linamunyowetsa mpaka m'chiuno. Atalowa m'kamsitu phokoso lonse linatsala kunja. Achule zii. Nkhululu zii. Anali kumva mtima wake wokha, ndi madzi akudontha m'masamba.

Tsopano timilu tija anationa bwino. Tinali tambili. Tina takale, tophwa, tomela udzu. Tina tatsopano. Pa kalikonse panali phale lovundikila. Anayenda monyang'ama kuopa kupondapo, akufuna katope wopendeka.

Nkhwali ija inali pamenepo. Inakhala pakamulu, nthenga zitafufuma, miyendo itauma magazi akuda. Siinasunthe mpaka iye atagwada. Ndiye inatsika, n'kuima pambali, pafupi moti akadaigwila.

Anayamba kupalasa ndi zala. Dothi linali lofewa, lofunda. Kumbuyo kwake chinthu chinapuma. Kupuma kwafupikufupi, kwa mphuno zotsekeka. Sanacheuke. Kenaka kumanzele. Kenaka kutsogolo, m'bango. Kamvekedwe ka milomo yofuna bele. Tinali tambili, ndipo tinali kusendela.

Mantha anamugwila. Zala zinayamba kukumba zokha, msangamsanga, mpaka dzanja linalowa kufika m'mfundo. Kumba, unatelo mtima. Kumba zipite. Anakumbukila mau a mlamu wake. Analeka. Anabwezela dothi, nasiya kadzenje kongokwana mbeu ya dzungu. Anaika minga. Anayamba kuphimba.

Pansi pa dothi china chake chinamugwila chala.

Sichinakoke. Chinangofumbata, monga afumbatila khanda ukaliikila chala m'dzanja. Timafupa tofewa. Kutentha kwa thupi lamoyo.

Eustace akuti anafuna kukuwa. Anafuna kunena kuti mwanawe, ndine atate ako, sindinadziwe. Analuma lilime mpaka kulawa magazi, pakuti anauzidwa kuti asayankhe. Anagwada chomwecho, misozi ikugwela padzanja. Sadziwa kuti panapita nthawi yotani.

Chinamutaya.

Nkhwali inakwelanso pakamulu, n'kukhala pamene anaphimba paja, monga ikhalila pamazila. Iye anatuluka chambuyo, ndipo atafika pabango anathamanga osacheuka. Ali pakati pa dambo anaimva ikulila, kamodzi, mau athunthu.

Pamudzi anapeza zii. Panalibe nthungululu. Amuna anakhala patali, mitu pansi, ndipo Wilbroad atamuona anayang'ana kumbali. Mai wina anatuluka m'nyumba, nakatenga kansalu koyela pachingwe, nalowanso. Eustace anaidziwa nsalu yotele. Anaiona chaka chatha.

Zam'katimo ndi zimene amai Jennipher anaona okha. Mwana anatuluka mwadzidzidzi, pamene onse anali atataya mtima, wamwamuna, wotuwa ngati phulusa, wosapuma. Gogo Sophia anamuzondotsa, namumenya, namuuzila mphepo m'mphuno, namuthila madzi ozizila. Palibe. Anamugoneka pansalu, nayamba kupinda. Doris anatembenukila kuchipupa. Ndiye kuchokela kudambo kunamveka nkhwali ija ikulilanso, ndipo nsaluyo inagwedezeka. Kamwendo kanaponda. Mwana anatsokomola, natulutsa zakuda m'kamwa, nalila.

Amai Jennipher akuti anapukuta zakudazo ndi chala. Linali dothi.

Pomusambitsa ndi pamene gogo Sophia anaima, nawaitana amai Jennipher ndi maso. Kuseli kwa miyendo ya mwanayo, pamwamba pa chidendene, panali timabowo toboola khungu, toyela m'mbali ngati popsa ndi moto. Kumanja kamodzi. Kumanzele tiwili, kena kopendekela pambali.

Gogoyo anakulunga miyendoyo msanga, nati, "Imbani nthungululu, anthu akudikila." Anaimba.

Mwana anakhala moyo. Anamutcha Edmond. Anachedwa kuyenda, ndipo atayamba anali kutsimphina miyendo yonse iwili, monga munthu woponda paminga. Timabowo tinatsekeka koma zipsela zinatsala, ndipo chaka chilichonse mvula ikayandikila zimanyowa. Eustace lole ya kudepoti inamusiya, ndipo sanaifunenso. Misampha yake anaitaya m'chimbudzi. Zimene zinamuchitikila kukatope anauza amai Jennipher kamodzi kokha, mwana atatuluka m'chikuta, ndipo sanazikambenso.

Ine ndinawafunsa amaiwo kuti nanga iwo amati chinachitika n'chiyani. Kodi woyamba uja anali kumuletsa mng'ono wake kubadwa mpaka atabwezeledwa zake? Anasenda nthochi, naiyang'ana, osaidya.

"Doris sanabalenso wina," anatelo. "Koma mukamufunsa, amati anachila kawili, mwana mmodzi."

Chitsulo cha lole chinafika madzulo, ndipo amaiwo sindinawaonenso. Mwanayo sindinamuone ndi maso anga, ndipo ku Msanzala sindinafike. Ndinene poyela kuti ndikukayika. Ndaonapo ana obadwa ndi zipsela, ndaonapo obadwa ngati akufa n'kutsitsimuka ndi madzi ozizila, ndipo munthu wamantha wogwada m'nkhungu muzu uliwonse ungamugwile chala. Zoti mbalame ndi mwana zingabwelekane miyendo, mutu wanga ukukana mpaka lelo. Koma za timanja ta paphulusa amaiwo anati anationa okha, kutacha, mtsuko uli pamutu, ndipo pamenepo ndilibe choyankha.